Achemwali anga a ku Romania akuti ndi "mwana wa lamulo": kodi zimenezi zinachitikadi?

Nambewe_Leicester

Moni nonse, akumudzi ndi akunja kuno. Pali nkhani yomwe yandikhala pamtima kuyambira Lachinayi usiku, ndiye ndati ndibwere nayo pano poti pali aphunzitsi ndi anamwino odziwa zambiri kuposa ine.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Leicester, ku England, mashifiti ausiku. Pagulu lathu pali mayi wina wa ku Romania, wamkulu ndithu kwa ine. Tagwira limodzi zaka zitatu ndipo ndimawatcha achemwali, chifukwa ndi amene anandiphunzitsa kutembenuza agogo pabedi osadzipweteka msana, nthawi imene ndinali mlendo ndipo aliyense ankangondiyang'ana. Chinansi chathu chinayambira pa chakudya. Usiku wina anatsegula kontena yawo nthawi yopuma, ine kusuzumira ndikuona nsima, koma yachikasu. Akuti kwawo amaitcha mămăligă, ufa wake wa chimanga chomwechi, kungoti amathira mchere n'kumadyera tchizi ndi mkaka wokhala ngati chambiko. Kuyambira tsiku limenelo timagawana, iwo mămăligă, ine nsima ya ufa woyera ndi usipa ndikaupeza.

Lachinayilo linali tsiku lawo lobadwa. Ndinawagulira kakeke kakang'ono, ndipo cha m'ma 3 koloko, mabelu onse ali zii, tinakhala m'kakhitchini ka antchito. Ndinawafunsa chaka chomwe anabadwa. Anati 1967, kenako anawonjezera kuti onse obadwa chaka chimenecho ndi chotsatira chake kwawo amatchedwa decreței, kutanthauza tiana ta lamulo. Akuti boma linaletsa kuchotsa mimba mwadzidzidzi pofuna kuti anthu achuluke, mankhwala olera kunalibe, ndipo ana anabadwa ochuluka moti kusukulu ankalowa mosinthana, ena m'mawa, ena masana, ena madzulo. M'kalasi mwawo anali oposa 40, mabenchi osakwana.

Mayi awo ankagwira ntchito pa fakitale yoluka nsalu, ali kale ndi ana awiri m'kanyumba ka zipinda ziwiri komwe ankakhala ndi apongozi. Achemwaliwa atakula, mayi awo anawauza okha kuti pakadapanda lamulolo sakadabadwa. Anandiuza zimenezi nkhope ili bwinobwino, ngati akunena za mvula. Pomwe mawu anasintha ndi pa nkhani ya amayi awo aang'ono. Akuti anamwalira mu 1986, n'kusiya ana atatu. Anataya magazi masiku awiri m'nyumba, akukana kupita kuchipatala chifukwa ankadziwa kuti akakafika, asanawagwire n'komwe, aitana apolisi. Pamaliro anthu anauzidwa kuti anali matenda a m'mimba, ndipo banja lonse linasunga bodza limenelo mpaka boma litagwa.

Ine pofuna kuwatonthoza ndinati, "Komabe achemwali, mwana ndi mphatso yochokera kwa Mulungu, taonani lero muli pano." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Eya, ine ndili pano. Amayi anga aang'ono palibe." Pomwepo belu la chipinda china linalira, anadzuka, ndipo mpaka kunacha sitinabwererenso pa nkhaniyo.

Mafunso anga ndi awiri. Kodi zimenezi zinachitikadi momwe akunenera, boma kumawerenga mimba za amayi ngati mbuzi za m'khola? Sindikuwakayikira ayi, koma mutu wanga ukukana. Chachiwiri, ndikuona kuti ndinawalakwira. Loweruka tili limodzinso. Ndikayambe bwanji?

Mphunzitsi_waZomba

Anambewe, achemwali anuwo sanawonjezere kanthu, mwina achita kuchepetsa. Ndinaphunzitsa mbiri kusekondale zaka zambiri. Nkhaniyi pa silabasi palibe, koma ndinaikumba ndekha nditaona zithunzi za ana a ku Romania m'manyuzipepala a 1990, ndipo sinandichokebe m'mutu.

Kuti muimvetse, yambirani kumbuyo pang'ono. Dziko la Romania linalowa m'manja mwa chipani cha chikomyunizimu nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Mu 1957 boma linaloleza kuchotsa mimba, potsatira Soviet Union yomwe inali italoleza mu 1955. Koma mapiritsi ndi njira zina zolera sanazibweretse. Ndiye kwa mayi wamba, kulera kunangosanduka kupita kuchipatala kukachotsa. Nthawi yomweyo anthu ankasamuka m'midzi kupita m'matauni, amayi ankalembedwa ntchito m'mafakitale, nyumba zinali timafulati topanikiza. Banja likabereka mmodzi kapena awiri linkati basi. Mu 1965 mimba zochotsedwa zinaposa 1 miliyoni, pafupifupi zinayi pa mwana aliyense wobadwa.

Chaka chomwecho, mu Malichi, mtsogoleri Gheorghe Gheorghiu-Dej anamwalira ndipo mpando anautenga Nicolae Ceaușescu. Iyeyu ankalota dziko lalikulu, la mafakitale ambiri, ndipo mafakitale amafuna manja. Anthu m'dzikomo anali 19 miliyoni, iye ankafuna adzafike 30 miliyoni pomafika chaka cha 2000. Pa 1 Okutobala 1966 anatulutsa lamulo la nambala 770. Linkalola kuchotsa mimba pokhapokha moyo wa mayi uli pachiswe, kapena pali matenda oopsa akumtundu, kapena mayiyo ali ndi ulumali waukulu, kapena mimbayo yabwera mogwiriridwa kapena pachibale, kapena mayiyo wapitirira zaka 45, kapena wabereka kale ana anayi ndipo akuwalera. Ena onse, ndende: mayi, wochotsayo, ngakhale woperekeza. Mwezi womwewo anakhwimitsanso lamulo lothetsa ukwati moti kusudzulana kunakhala ngati kosatheka. Akuluakulu opitirira zaka 25 opanda mwana ankadulidwa msonkho wapadera pa malipiro, kaya ali pabanja kaya ayi, kaya ndi osabereka mwachibadwa. Mayi wa ana 10 ankapatsidwa mendulo ndi dzina laulemu loti Mamă Eroină, mayi ngwazi.

Lamulolo linapeza anthu asanakonzeke. Mu 1966 munabadwa ana pafupifupi 274,000. Mu 1967 anabadwa pafupifupi 528,000. Taganizani, chaka chimodzi chokha, kuwirikiza. Zipatala zinali zomwezo, azamba omwewo, mabedi omwewo, moti amayi ankagona awiriawiri. Patapita zaka zisanu ndi ziwiri khamu lonselo linafika pakhomo la sukulu tsiku limodzi. Achemwali anuwo ndi mmodzi wa iwo.

Koma munthu si chimanga choti ukathira feteleza chibereka momwe wafunira. Anthu anapeza njira zawo: makondomu ozembetsa kuchokera ku Hungary ndi Yugoslavia, madokotala olandira kangachepe, azimayi ochotsa mobisa m'makhitchini. Chiwerengero cha obadwa chinayamba kutsika chaka ndi chaka, ndipo pofika 1983, powerengera pa anthu 1,000 alionse, chinali chitabwerera pomwe chinali mu 1966. Apa ndi pomwe nkhanza zinafika pachimake. Kuyambira 1984 anayamba kuyeza amayi kumalo antchito kuti mimba iliyonse ilembedwe isanaoneke n'komwe, ndipo yolembedwayo ikasowa, mwini wake akafotokoze. Mu 1985 anakweza malire aja, ana anayi kukhala asanu. Anthu mwakachetechete ankatcha oyezawo apolisi a msambo.

Chomwe chimandiwawa kwambiri n'chakuti zaka zomwezi Ceaușescu anaganiza zobweza ngongole yonse yakunja, yoposa madola 10 biliyoni, mwa kugulitsa kunja chakudya cha dziko. Buledi, shuga ndi mafuta ophikira zinkagulidwa ndi makadi, mochita kuyeza. Nyama inkasowa. Magetsi ankazimitsidwa, m'mafulati munkazizira, dziko loti nyengo yachisanu madzi amaundana. Amayi ankadzuka usiku kukafola pamzere wa mkaka. Ndipo pakati pa Bucharest, likulu la dzikolo, akumanga chinyumba chachikulu chotchedwa Casa Poporului, atagumula nyumba za anthu zikwizikwi. Boma linkalamula kuti berekani, koma mbale ya mwanayo silinkaifunsa.

Za funso lanu lachiwiri ndisiyire amayi, amadziwa bwino kuposa ine.

Mzamba_wopuma

Mwana wanga Nambewe, nditawerenga za amayi aang'onowo ndinaika foni pansi kaye. Ndagwira uzamba zaka zoposa 30 ndipo mayi ameneyo ndikumudziwa, ngakhale sindinapondeko ku Romania. Ndamulandira kambirimbiri cha m'ma 2 koloko usiku, atamunyamula pa njinga kapena pa ngolo, chitenje chili nyowe.

Ndikuuze chomwe chimapha. Nthawi zambiri si tsiku loyamba. Mayi akachotsa mobisa, zotsalira zimakhala m'chiberekero. Akabwera msanga timamukolopa, kumupatsa mankhwala opha tizilombo, ngati wataya magazi ambiri kumuwonjezera, mawa lake akudya phala. Ntchito ya mphindi zochepa. Koma akakhala kunyumba chifukwa cha mantha, tsiku lachiwiri thupi limatentha, lachitatu fungo limayamba, ndipo fungo limenelo mzamba aliyense amalidziwa asanatsegule chitseko. Zikafika m'magazi, impso zimaleka, mkodzo umasiya kutuluka. Pamenepo ngakhale dokotala achotse chiberekero chonse, ena timawatayabe. Ndiye chomwe chimasiyanitsa wamoyo ndi wakufa ndi masiku awiri aja omwe amayi aang'onowo anakhala m'nyumba.

Ku Romania boma linachita kumanga mpanda pa masiku awiri amenewo. Mayi akafika akutaya magazi, achipatala ankayenera kudziwitsa apolisi kapena woimira boma pamilandu, ndipo kawirikawiri ankamufunsa kaye kuti wakuchita ndani asanamuthandize. Wopita padera mwachibadwa nayenso ankakayikiridwa. Dokotala wothandiza mwakachetechete ankaika ntchito yake ndi ufulu wake pachiswe, ndipo m'zipatala munali akazitape a Securitate, apolisi achinsinsi aja. Amene anali ndi kenakake, paketi ya ndudu za Kent kapena khofi wakunja, zomwe zinkayenda ngati ndalama, ankapeza dokotala weniweni. Wosauka ankapita kwa mayi wa kuseri kwa msika.

Ife azamba tinaphunzira za dziko limeneli pa maphunziro a uchembere wabwino, chifukwa manambala ake amalankhula okha. Mu 1989, pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi pafupifupi 170 ankamwalira, kuposa dziko lina lililonse ku Ulaya, ndipo pafupifupi 9 mwa 10 alionse chinali chifukwa cha kuchotsa mobisa. Lamulo litachotsedwa, chaka chimodzi chokha imfazo zinatsika ndi theka. Zaka 23 zonse za lamuloli amayi omwalira anali pafupifupi 10,000, ndipo amenewo ndi olembedwa okha. Amayi aang'ono a mnzakoyo, oti pamaliro ananena kuti matenda a m'mimba, ndani akudziwa ngati anawerengedwa.

Ine ndinayamba ntchito boma la Kamuzu litangololeza kumene zolera mu 1982, patatha zaka zambiri zili zoletsedwa, ndipo ngakhale pamenepo tinkangoti n'zothandiza kuti ana atalikirane. Ndikukumbuka amayi akubisa makadi a sikelo ya zolera m'thumba la ufa. Sindikufananitsa, kwathu kuno palibe anabwera kudzayeza amayi pa esiteti ya tiyi. Ndikungonena kuti mayi wofuna kupumula amapeza njira, yabwino ikatsekedwa amalowera yoipa.

Za Loweruka: usakonze mawu ambiri. Unene kuti unayankha msanga usanamve. Kenako ufunse dzina la amayi aang'onowo. Anthu omwe maliro awo anakwiriridwa ndi bodza, abale awo amafuna wina awatchule dzina.

Bambo_a_Chisomo

Anambewe, ine ndiyankhula mosiyana pang'ono ndi anzangawa, mundikhululukire. Ndine mkulu wa mpingo ndipo ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti moyo umayamba m'mimba. Mawu omwe munanena, oti mwana ndi mphatso, si abodza. Achemwali anuwo lero akusamalira okalamba, anakuphunzitsani ntchito, ali ndi ana awo mwina ndi zidzukulu. Ana theka la miliyoni a 1967 aja ndi anthu, aliyense ndi dzina lake. Ndimaopa nkhani ya Romania ikamagwiritsidwa ntchito ngati chikwapu chokwapulira aliyense wonena kuti mwana wosabadwa ali ndi ufulu wokhala moyo.

Koma ndivomere chinthu chimodzi, ndipo ndachiganizira usiku wonse. Ceaușescu sanaletse kuchotsa mimba chifukwa choopa Mulungu. Boma lake linkaphunzitsa kuti kulibe Mulungu, linagumula matchalitchi ku Bucharest, linkazunza abusa ndi ansembe osagonja. Iye ankaona mwana ngati njerwa yomangira fakitale. Umboni wake ndi wakuti mayi akakwanitsa nambala, anayi kapena asanu, wotsatirayo ankaloledwa kumuchotsa. Munthu wolemekeza moyo sanganene kuti wachisanu ndi chimodzi alibe ntchito. Ndipo munthu wolemekeza moyo sangasiye mayi akutaya magazi pa benchi kudikira wapolisi. Zimenezo ine sindingaziikire kumbuyo, ndipo mpingo uliwonse woziikira kumbuyo wasochera.

Ndiye mawu anu anali oona, kungoti munawanena pamaliro. Pamaliro timayamba takhala pansi n'kulira nawo.

Mzamba_wopuma

Bambo a Chisomo, zikomo poyankhula mwaulemu. Inenso ndine wa Mvano, sindinasiye kupemphera. Pa za chiyambi cha moyo sindikutsutsani. Changa n'chakuti amayi ambiri omwe ndinawatseka maso anali apabanja, oimba kwaya, a ana anayi kapena asanu kunyumba. Sanali atsikana osamvera monga timanenera paguwa. Ana awo otsalawo nawonso ndi moyo, ndipo ndinkawaona atakhala panja pa wodi ndi agogo awo, atanyamula phala lomwe mayi sadzadya.

Kondwani_Guangzhou

Ndiponyepo kanga kochepa. Ine ndimabwera kuno ku China kudzaoda katundu, ndipo womasulira wanga ndi mwana yekhayo m'banja mwawo, mkazi wakenso chimodzimodzi. Kuno chipani cha chikomyunizimu chinachita zosemphana ndi Romania: kuyambira cha mu 1980 mpaka kumapeto kwa 2015 mabanja ambiri ankaloledwa mwana mmodzi. Wopitirira ankalipitsidwa chindapusa chachikulu, ena kuchotsedwa ntchito, ndipo m'madera ena amayi ankakakamizidwa kuchotsa mimba kapena kutsekedwa. Nakonso kunali akuluakulu a m'dera ndi a pantchito olemba za msambo wa amayi m'kaundula. Pano zatembenuka, mu 2021 analoleza ana atatu ndipo akuchita kunyengerera, koma achinyamata akuti moyo wadula. Mu 2022 chiwerengero cha anthu chinatsika koyamba m'zaka 60. Womasulira wangayu ndi mkazi wake akusamalira makolo anayi okha, opanda mlongo kapena mchimwene wowathandiza. Nditawerenga za kaundula wa ku Romania ndinangoti, buku lake ndi lomwelo.

Mphunzitsi_waZomba

A Kondwani mwakhudza penipeni. Ku Soviet Union nakonso lamulo linkatembenuka malinga ndi zofuna za boma: analoleza mu 1920, mtsogoleri wawo Stalin analetsa mu 1936 atafuna anthu ambiri, n'kudzalolezanso mu 1955 iye atamwalira. Maboma amenewa ankalemba mapulani a zaka zisanu a chitsulo, malasha ndi tirigu, ndipo ana anangowaika pa mndandanda womwewo.

Ndabweranso chifukwa sindinanene za mbali yomwe inandiyambitsa kuwerenga nkhaniyi. Bambo a Chisomo akuti ana aja ndi anthu, aliyense ndi dzina lake. N'zoona. Tsono tamverani zomwe boma linachita nawo. Mabanja osauka akalephera kudyetsa mwana, ankauzidwa kuti musiyeni m'manja mwa boma, lidzamulera. Ambiri ankasiya akuganiza kuti adzamutenga zinthu zikadzakhala bwino. Boma litagwa kunapezeka ana oposa 100,000 m'nyumba zosungira ana. Timawatcha amasiye koma ochuluka makolo awo anali moyo. Akafika zaka zitatu ankawasankha, ndipo ooneka olumala kapena ochedwa kukula ankalembedwa kuti ndi osachiritsika n'kutumizidwa kumalo ngati Cighid, kufupi ndi malire a Hungary, komwe ambiri ankafa ndi njala ndi chisanu. Atolankhani atalowa mu 1990 anapeza ana amaliseche, ometedwa mipala, ena omangiriridwa ku mabedi achitsulo, akungodzigwedeza uku ndi uku. Chomwe chinadabwitsa alendo ambiri chinali bata la m'zipinda za makanda. Khanda likalira miyezi osabwera munthu, limasiya kulira.

Kunalinso mchitidwe wopatsa makanda ofooka timagazi pang'ono poganiza kuti tiwalimbitsa, magazi osayezedwa, majakisoni obwerezabwereza. Ana zikwi zingapo anatenga HIV m'njira imeneyi, boma likukana kuti matendawa m'dzikomo alimo.

Pambuyo pake, kuyambira chaka cha 2000, akatswiri Charles Nelson, Nathan Fox ndi Charles Zeanah anatsatira ana 136 a m'nyumba zimenezi ku Bucharest. Theka anawapezera mabanja owalera. Anapeza kuti omwe analowa m'banja asanakwane zaka ziwiri anachira bwino m'nzeru ndi m'makhalidwe kuposa omwe anachedwa. Zomwe agogo athu ankadziwa pobereka mwana kumbuyo tsiku lonse, sayansi inadzazitsimikiza pa ana ovutikawa.

Mathero ake mwina mukuwadziwa. Zionetsero zinayamba ku Timișoara pa 16 Disembala 1989, zinafika ku Bucharest, pa 22 Ceaușescu ndi mkazi wake Elena anathawa pa helikopita, ndipo pa Khirisimasi anawaweruza mwachangu n'kuwaombera ku Târgoviște. Ambiri mwa achinyamata omwe anadzaza misewu anali a zaka 21 ndi 22, ana a lamulo omwe aja. Tsiku lotsatira, pa 26 Disembala, limodzi mwa malamulo oyambirira kufafanizidwa linali la 770. Mu 1990 mimba zochotsedwa zinafika pafupifupi 1 miliyoni, poti zolera zinali zisanafike ndipo anthu sankazidziwa. Zinatenga zaka kuti chiwerengerocho chitsike, zolera zitayamba kupezeka.

Nanga 30 miliyoni ija? Pomwe Ceaușescu ankafa, anthu m'dzikomo anali pafupifupi 23 miliyoni. Kalembera wa 2021 anapeza 19 miliyoni, chimodzimodzi ndi 1966. Mamiliyoni anapita ku Italy, Spain, Germany ndi Britain kukasaka ntchito, ambiri mwa amayiwo yosamalira okalamba a eni dziko. N'chifukwa chake, Anambewe, mukudya nawo mămăligă ku Leicester.

Nambewe_Leicester

Zikomo nonse. Ndawerenga kangapo, makamaka zanu amayi azamba. Ndabwera kudzakuuzani momwe zinayendera Loweruka.

Sindinadikire nthawi yopuma. Tikupinda mashiti m'chipinda chochapira ndinati, "Achemwali, tsiku lija ndinayankha ndisanamve. Pepani." Anagwedeza mutu n'kupitiriza kupinda. Kenako ndinafunsa dzina la amayi aang'ono aja. Anasiya shiti lili m'manja. Analitchula, n'kulitchulanso kachiwiri pang'onopang'ono kuti ndilinene bwino, ndipo ndinalibwereza mpaka anavomera. Sindililemba pano, ndi lawo.

Nthawi yopuma anayamba okha. Zomwe sindinaganizire n'zakuti iwonso anayezedwapo. Atamaliza sukulu analowa fakitale yomwe ija ya mayi awo, ali ndi zaka 19, miyezi yochepa chichitikireni maliro. Akuti tsiku loyeza kapitawo ankabwera ndi pepala la mayina, makina akulirabe, n'kumaitana asanuasanu. Ankafola m'khonde lozizira la kachipatala ka pafakitale atavala magawuni antchito, ulusi uli m'tsitsi. Mkati munali bedi limodzi, dokotala wotopa, ndi mayi wina wolemba m'buku yemwe sanali namwino. Akuti dokotalayo sankayang'ana munthu kumaso. Tsiku lina mnzawo wa makina oyandikana anatuluka m'chipindamo atayera nkhope, ndipo madzulo ake anawauza kuti dokotala anaona kuti ali ndi pakati pa miyezi iwiri, anamuyang'ana kamodzi, n'kuuza wolembayo kuti palibe kanthu. Mpaka lero sadziwa chifukwa chake anachita zimenezo, ndipo mnzawoyo sanafunse.

Ndinawauza zomwe munanena Bambo a Chisomo, zoti pamaliro timayamba takhala pansi. Anati mayi awo anawakonda, sanawamane kanthu, ndipo pouza mwana wawo zoona sankamukana, ankafuna wina adziwe zomwe anadutsamo. Anati, "Ndimakondwa kuti ndili moyo, ndipo zomwe anawachita amayi anga zinali zoipa. Zonse ziwiri ndimazinyamula." Mwa ana atatu a malemu aja, wamng'ono anapita ku nyumba ya boma chifukwa bambo ake sakanatha. Anakhalako zaka zinayi. Mayi a achemwaliwa anakamutenga mu Januwale 1990, ali ndi zaka zisanu, asakuyankhula. Pano ali ku Spain, amayendetsa thiraki, amayankhula pang'ono koma amaimba foni Lamlungu lililonse.

Anandionetsa pafoni chithunzi cha kalasi yawo yoyamba, mizere inayi ya tiana tovala yunifolomu, atsikana maliboni oyera akuluakulu kumutu. Anayamba kuloza mmodzimmodzi: uyu ali ku Torino, uyu ku Madrid, uyu anamwalira, uyu ku Coventry konkuno. Otsala kwawo anawerenga asanu ndi mmodzi.

Mwezi wamawa akuti kutchalitchi kwawo kuli mwambo wokumbukira akufa, amaphika tirigu wotsekemera wotchedwa colivă n'kupereka mayina kwa wansembe kuti awatchule. Andipempha ndipite nawo. Ndasinthana kale shifiti ndi mnzathu wina, ndipo ndawafunsa ngati ndingalembetsenso dzina la msuweni wanga wa ku Ntcheu, yemwe ifenso pamaliro ake tinauza anthu kuti anali malungo. Anati papepalapo malo alipo.